Kuzindikira Tizikumbu Todya Masamba ndi Mbewu Poyang'ana Chithunzi

Mvula ikangoyamba, foni ya mlangizi wa kampani ya mbewu imadzaza ndi zithunzi za tizilombo. Kuno ku Gaborone, kumene ndimagwira ntchito, zambiri zimachokera kwa alimi ochulukitsa mbewu ya khobwe ndiponso kwa ogulitsa zipangizo zaulimi a m'madera ozungulira mzindawu. Zina zimachokera kutali, kwa anzathu olima nyemba ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angónia. Funso limakhala lomwelo: "Alangizi, aka n'kachani, nanga tipopere mankhwala anji?" Ukatsegula chithunzicho umapeza kadontho kakuda pa tsamba lobiriwira, kojambulidwa dzuwa lili paliwombo, wojambulayo ataima chapatali. Ndipo wofunsayo amafuna yankho nthawi yomweyo, pakuti mlimi waima pa kauntala, ndalama zili m'manja.

Phunziro lino likunena za fuko limodzi la tizilombo limene limapezeka kawirikawiri m'zithunzi zotere, fuko la tizikumbu todya masamba limene akatswiri amalitcha Chrysomelidae. Mitundu yake yodziwika padziko lonse ndi yoposa 35,000. Kuti timvane bwino, tigwiritse ntchito mawu atatu. Fuko ndilo gulu lalikulu, monga Chrysomelidae. M'kati mwa fuko muli mabanja, monga Ootheca kapena Callosobruchus. M'kati mwa banja muli mitundu, monga Ootheca mutabilis. Chithunzi chabwino chimatifikitsa pa fuko pafupifupi nthawi zonse, ndipo kawirikawiri chimatifikitsanso pa banja. Pa mtundu weniweni ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa timakhulupirira maonekedwe a kunja, makamaka mtundu wa mapiko, kuposa mmene tiyenera kuwakhulupirira.

Choyamba: kodi n'ka fuko limeneli?

Musanafunse dzina, tsimikizani kuti kachilomboko n'kodya mbewu zanu. Chaka china wogulitsa mankhwala wina anandiuza monyadira kuti wathandiza mlimi kupha tizikumbu tofiira ndi takuda timene tinadzaza m'munda wa khobwe. Nditaona chithunzi ndinapeza kuti tinali Cheilomenes lunata, tizikumbu tozungulira ngati chikho chovundikira timene timadya nsabwe za m'mbewu. Tinabwera m'mundamo chifukwa munali nsabwe. Mlimiyo analipira ndalama kuti aphe alonda ake, ndipo patapita masabata ochepa nsabwezo zinachuluka kuposa kale.

Zizindikiro zosiyanitsira si zovuta. Kachikumbu ka fuko la Chrysomelidae kali ndi tinyanga tooneka bwino, tonga ulusi kapena mikanda, ta tizigawo 11, ndipo nthawi zambiri sitipitirira kwambiri theka la thupi. Ka fuko lodya nsabwe lija kali ndi tinyanga tatifupi kwambiri, ta nsonga yotupa, timene kamatibisa pansi pa mutu. Kuphazi nakonso kumanena zoona: phazi la Chrysomelidae limaoneka ngati lili ndi tizigawo tinayi, kachitatu kali kotambalala ndi kogawika pawiri, pamene la odya nsabwe limaoneka ngati lili ndi titatu. Komabe chenjerani, pakuti m'fuko la odya nsabwe muli banja la Epilachna limene linasiya nyama n'kuyamba ndiwo zamasamba. Ilo limadya nkhwani ndi masamba a mbatatesi, n'kusiya tsamba looneka ngati sefa. Mudzalidziwa chifukwa msana wake suwala, uli ndi tiubweya tosaoneka bwino, pamene odya nsabwe ambiri amanyezimira ngati apakidwa mafuta.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi zikumbu zazikulu za mizere yakuda ndi yachikasu, za banja la Mylabris, zimene kwathu ena amati dzodzwe. Kuno ku Botswana zimavutitsa kwambiri khobwe akayamba maluwa. Izi si za fuko lathuli ayi: thupi lake n'lalitali, mapiko n'ngofewa, ndipo pakati pa mutu ndi thupi pali kakhosi. Musazigwire ndi manja, chifukwa madzi ake amatulutsa matuza pakhungu.

M'kati mwa fuko lenilenilo, mabanja angapo amadziwika msanga. Mukaona kachikumbu kakang'ono ka ntchafu zam'mbuyo zonenepa, kamene kamadumpha ngati utitiri mukakayandikira, ndiye kuti n'ka gulu la Podagrica pa therere kapena Phyllotreta pa kabichi ndi repu. Kokhala ndi chigoba chotambalala chobisa mutu ndi miyendo ngati fulu, pa masamba a kholowa, n'ka Aspidimorpha kapena abale ake. Ena mwa amenewa amawala ngati golide ali moyo, koma akafa kuwalako kumazimirira, kotero kuti chithunzi cha wamoyo ndi cha wakufa zimaoneka ngati mitundu iwiri. Alimi a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Malawi amene anadzala jelejele pobwezeretsa chonde m'nthaka amakumbukiranso Mesoplatys ochroptera, amene amatha kukungudza masamba onse a mbande.

Ootheca, kachikumbu kamene mtundu wake sunena zoona

Kwa ochulukitsa mbewu ya nyemba ndi khobwe ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Tanzania, banja lofunika kulidziwa bwino ndi Ootheca. Kachikumbu kake n'kotalika pafupifupi mamilimita 6, kowala, ka mutu ndi phewa lofiirira ngati lalanje. Kamatuluka m'nthaka mvula yoyamba ikagwa, nthawi yomwe nyemba zangomera, ndipo kamaboola masamba mabowo ozungulira. Tikachuluka timatha mbande yonse isanatulutse masamba ake atatu oyamba. Mukakhudza chomeracho timadzigwetsa pansi n'kukhala ngati tafa.

Zimene zimaoneka pamwambazo ndi theka chabe la chiwonongeko. Kachikumbu kakakazi kamaikira mazira m'nthaka pafupi ndi tsinde, ndipo mphutsi zake zimadya mizu pamodzi ndi timatuza ta m'mizu timene timakola chakudya cha nayitrojeni. Mbewu zimayamba chikasu m'zigawozigawo za munda, zimapinimbira, zimakhwima msanga ndi makoko opanda kanthu. Mlimi amaganiza kuti feteleza wachepa, kapena kuti tinamugulitsa mbewu yoipa. Mphutsizo zikakula zimasanduka tizikumbu m'nthaka momwemo n'kugona kudikira mvula ya chaka chamawa. N'chifukwa chake kubwereza nyemba pa munda womwewo kumachulukitsa vutoli, ndipo kasinthasintha ndi chimanga kapena mpendadzuwa, pamodzi ndi kugalauza nthaka mutangokolola, zimathandiza kuposa kupopera kokha. Kwa ife a mbewu pali chifukwa chinanso chodera nkhawa: Ootheca mutabilis amafalitsa mavairasi ena a khobwe, monga cowpea mosaic virus ndi cowpea mottle virus, ndipo ena mwa matenda otere amatha kulowa m'njere n'kuyenda ndi mbewu. Koma si mawanga onse a pa masamba amene tingamunamizire kachikumbuka. Bean common mosaic virus, imene imakanitsa minda yambiri ya mbewu ya nyemba poyendera, imafalitsidwa ndi nsabwe ndiponso mbewu yodwala kale.

Tsopano nali vuto la chithunzi. Kwa zaka zambiri alangizi ankasiyanitsa mitundu iwiri yodziwika poyang'ana mapiko: akuda monyezimira ankati ndi Ootheca bennigseni, ofiirira kapena achikasu ankati ndi Ootheca mutabilis. Inenso ndinaphunzira motero, ndipo ndinalemba mayina amenewa m'malipoti angapo ndili wotsimikiza mtima. Koma dzina loti mutabilis m'Chilatini limatanthauza chosinthasintha, ndipo silinaperekedwe mwangozi. M'munda umodzi mungapeze ena a mapiko akuda, ena ofiirira, ena a mitundu iwiri, onsewo ali mtundu umodzi. Mu 2008 Elizabeth Grobbelaar, katswiri wa kumalo osungira tizilombo a dziko la South Africa ku Pretoria, anaunikanso mitundu iwiriyi ndipo anapeza wachitatu amene anali asanalembedwepo, n'kumutcha Ootheca meridiana. Mu 2010 Sabine Kortenhaus ndi Thomas Wagner a ku Germany anaunikanso banja lonse. Chimene chimasiyanitsa mitunduyi motsimikizika ndi kapangidwe ka chiwalo choberekera cha kachikumbu kakamuna, chimene chili m'kati mwa thupi, ndipo chimaoneka pokhapokha katswiri atakatumbula pansi pa maikulosikopu. Palibe foni imene ingajambule chimenecho kachikumbu kali pa tsamba.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti chithunzi n'chopanda ntchito? Iyayi. Pa nkhani ya chochita m'munda, kudziwa kuti ndi Ootheca n'kokwanira, chifukwa njira zotetezera mbewu n'zofanana. Cholakwa ndi kulemba dzina la mtundu pamene umboni wathu wafika pa banja pokha. Lembani kuti "Ootheca sp.", kutanthauza kuti banja mwalidziwa koma mtundu sunatsimikizidwe. Kulemba motero si umbuli.

Pali msampha wina umene intaneti yatitchera. M'Chingerezi Ootheca amatchedwa bean leaf beetle kapena bean foliage beetle. Mukalemba dzina loyambalo pofufuza, zithunzi zambiri zimene zimabwera ndi za Cerotoma trifurcata, kachikumbu ka ku North America kowononga soya, kokhala ndi kachizindikiro kakuda ka makona atatu kumbuyo kwa phewa. Mapulogalamu a pafoni ozindikira tizilombo nawonso anaphunzira kwambiri pa zithunzi za ku Ulaya ndi ku America, ndipo akakumana ndi kachikumbu ka kuno amakapatsa dzina la kofanana nako ka kumeneko, popanda kukayika konse. Taganizirani dzina lotere litalowa m'lipoti la munda wa mbewu yopita kunja. Mayiko a SADC, imene likulu lake lili muno mu Gaborone, anagwirizana za ndondomeko imodzi ya mbewu yokhala ndi mbali zitatu: kuvomereza mitundu yatsopano, kutsimikizira ubwino wa mbewu, ndi kuteteza mayiko ku tizilombo ndi matenda. Mbali yachitatuyo imayendera mayina. Dzina la kachilombo kachilendo pa pepala likhoza kuimitsa galimoto ya mbewu pa chipata cha Tlokweng kapena pa mlatho wa Kazungula kufikira nyengo yodzala itapita. Ndipo oyang'anira zipata sachita zimenezi mwankhanza: fuko lomweli ndilo linatulutsa Diabrotica virgifera, amene anapezeka pafupi ndi bwalo la ndege la Belgrade mu 1992 n'kufalikira m'minda ya chimanga ya mayiko ambiri a ku Ulaya.

Anankafumbwe a khobwe ndi nyemba

Ambiri sadziwa kuti tizikumbu timene timafumbwitsa nyemba ndi khobwe m'nkhokwe timawerengedwanso m'fuko la Chrysomelidae. Tonse timati anankafumbwe, koma si amodzi ndi nankafumbwe wa chimanga, Sitophilus, amene ali ndi mlomo wautali ngati chitamba. A nyembawa alibe chitamba, thupi lawo n'lalifupi ndi lonenepa, ndipo mapiko awo safika kumapeto, amasiya nsonga ya mimba poonekera. Pachithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chizindikiro chimenechi chimaoneka bwino.

Kuno ku Botswana, kumene khobwe amatchedwa dinawa ndipo ndi mbewu yodalirika pa mvula yochepa, zithunzi zambiri za m'sitolo zimakhala za banja la Callosobruchus, makamaka Callosobruchus maculatus, amene amagwiranso nzama. Pa nyemba pali mitundu ina iwiri, yonse yochokera ku America: Acanthoscelides obtectus, amene amakonda madera okwera ndi ozizira, ndi Zabrotes subfasciatus, wamng'ono kwambiri, wa kumalo otentha. Apanso mawanga a pamsana amanamiza. Callosobruchus maculatus ali ndi maonekedwe awiri mu mtundu umodzi: ena ndi osauluka kwenikweni, okhazikika m'thumba, ena ndi ouluka, otuwirapo, amene amabadwa tikathinana m'mbewu n'kupita kukafuna munda. Wamwamuna ndi wamkazi nawonso amasiyana.

Pa gulu ili chithunzi chingatifikitse patali, ngati mwajambula malo oyenera. Malo oyamba ndi mwendo wam'mbuyo. Kunsi kwa ntchafu ya Acanthoscelides obtectus, chakumapeto, kuli dzino limodzi lalikulu lotsatiridwa ndi tiwiri tating'ono. Ntchafu ya Callosobruchus ili ndi mizere iwiri, wam'kati ndi wakunja, uliwonse ndi dzino lake. Zabrotes alibe mano otere pa ntchafu, koma ali ndi timinga tiwiri kumapeto kwa msongolo. Malo achiwiri ndi njere yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene ndimakonda kuyambira chifukwa sipafuna galasi lamphamvu. Callosobruchus ndi Zabrotes amamata mazira awo pa khungu la njere, ndipo amaoneka ngati timadontho toyera tosachoka mukapukuta. Acanthoscelides samata, amangomwaza mazira pakati pa njere kapena m'makoko. Choncho nyemba zofumbwa zopanda timadontho toyera zikuloza kwa Acanthoscelides.

Kusiyanitsaku kuli ndi phindu la ndalama. Acanthoscelides ndi Callosobruchus amayamba kugwira mbewu ikadali m'munda, makoko akamauma, kotero mlimi wochedwa kukolola amabweretsa vuto m'thumba ngakhale nkhokwe ikhale yosesa bwanji. Zabrotes amafalikira makamaka mosungiramo, ndipo mukamupeza muyenera kuyang'ana matumba akale ndi zotsalira za chaka chatha. Pamene mlimi wochulukitsa mbewu ndi wogulitsa akukanganirana kuti wawononga mbewu ndani, dzina la kachilombo limathandiza kuweruza. Obereketsa mitundu yatsopano nawonso amasamala: puloteni yotchedwa arcelin, imene inapezeka mu nyemba zakutchire za ku Mexico, imateteza bwino kwa Zabrotes koma mphamvu yake kwa Acanthoscelides n'njochepa. Ndipo musaiwale liwiro lawo. Kukatentha ngati mmene kumatenthera muno m'chilimwe, Callosobruchus maculatus amachoka pa dzira kufika pa kachikumbu koikira mazira ena m'masabata atatu kapena anayi. Njere ya kabowo kamodzi imatha kumera, koma ya mabowo atatu kapena anayi kawirikawiri imatulutsa mbande yofooka kapena siimera n'komwe. Thumba limene linapambana mayeso a kameredwe mu Ogasiti likhoza kulephera mu Novembala lili pa shelefu yanu.

Kajambulidwe koyenera

Gwirani tizikumbu tingapo, osati kamodzi, ndipo sankhani tosiyana maonekedwe ngati tilipo. M'mawa kukadali kozizira ndi pamene timagwirika mosavuta. Tcherani mbale kapena chipewa pansi pa chomera musanachigwedeze. Tiikeni m'kabotolo, ndipo ngati muli ndi firiji tisiyeni m'menemo kwa mphindi zochepa kuti tizizidwe n'kuleka kuthamanga. Kenaka ikani kamodzi pa pepala loyera kapena lotuwa, pambali pa rula yoonetsa mamilimita. Ngati rula palibe, mutu wa machesi ndi wabwino kuposa ndalama yachitsulo, chifukwa thebe, tambala ndi ngwee sizifanana kukula, ndipo woona chithunziyo angakhale m'dziko lina.

Jambulani pamthunzi wowala, osayatsa fulashi, pakuti mapiko onyezimira amabweza kuwala n'kubisa timabowo ndi mizere imene katswiri akufuna kuona. Musakokere chithunzi pafupi ndi zala pa sikirini; m'malo mwake gwirizitsani galasi lokulitsa zinthu kakhumi pa diso la kamera. Galasi lotere n'lotsika mtengo, ndipo ndikanakonda likanapezeka pa kauntala ya wogulitsa aliyense pambali pa buku la malisiti. Pakufunika zithunzi zosachepera zinayi: cha pamsana kuchokera pamwamba penipeni, cha m'mbali, cha kumimba choonetsa miyendo yam'mbuyo, ndi cha kumaso choonetsa pamene tinyanga tamera. Cha kumasochi anthu amachiiwala, chonsecho n'chothandiza: mwa Ootheca ndi abale ake tinyanga timamera moyandikana kwambiri pakati pa maso, pamene m'magulu ena timatalikirana. Onjezani chithunzi cha tsamba kapena njere yowonongekayo, ndi china cha munda wonse. Ngati mbewu zachita chikasu, zulani zingapo ndi dothi lake mujambule mizu. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokumenti, chifukwa njira yachizolowezi imachepetsa chithunzi n'kufufuta timano ta pa ntchafu tija.

Mawu otsagana ndi chithunzi ali ndi kulemera kofanana ndi chithunzicho. Nenani malo, tsiku, mbewu ndi mtundu wake, msinkhu wa mbewuyo, chimene munalima pamundapo chaka chatha, ndiponso ngati mwapopera kale. Tizikumbu tambiri ta fuko ili timasankha chakudya, kotero dzina la chomera limachotsa mayina ambirimbiri pa mndandanda wa okayikiridwa. Chitsanzo chotchuka chili m'dziko lomwe lino: Diamphidia, kachikumbu ka fuko lomweli kamene mphutsi zake anthu a mtundu wa San a ku Kalahari amapangira ulembe wa mivi, kamapezeka pa zitsamba za Commiphora, ndipo alenjewo amakumba pansi pa zitsamba zimenezo podziwa kuti ndi pamene zikwa zake zili. Iwo amayamba ndi chomera, kenaka kachilombo.

Mukatha kujambula musataye tizikumbuto. Tiikeni m'kabotolo kotseka bwino muli mowa wa ethanol wa 70 peresenti. Ukasowa, sipiriti wa m'sitolo angagwire ntchito kwa masiku ochepa. Ngati mukuganiza kuti padzafunika kuyeza DNA, mowawo ukhale wa 95 peresenti kapena kuposa. Lembani malo, tsiku, mbewu ndi dzina lanu pa kapepala ndi pensulo, osati bolopeni imene inki yake imasungunuka, ndipo kapepalako kalowe m'botolo momwemo. Muikemo tosachepera khumi, kuti mwa ito mupezeke tatimuna. Kuno malo oyamba kufunsa ndi kwa akatswiri a kafukufuku wa zaulimi ku Sebele, kumpoto kwa Gaborone, kumene kulinso Botswana University of Agriculture and Natural Resources. Ku Malawi pitani kudzera kwa alangizi kapena ku malo a kafukufuku a Chitedze ndi Bvumbwe, ndipo ku Zambia ku Mount Makulu ku Chilanga. Musatumize tizilombo tamoyo kudutsa malire.

Tsono mlimi uja waima pa kauntala mumuuza chiyani? Ngati chithunzi chaonetsa Ootheca pa nyemba zongomera kumene ndipo masamba akutha, mugulitseni mankhwala ovomerezeka pa mbewuyo m'dziko lanu, mumuwerengere malangizo a pa botolo, ndipo mumuuze za kasinthasintha chifukwa mphutsi zili kale m'njira. Ngati mbewu zakula ndipo mabowo ndi apo ndi apo, nyemba zimapirira kutaya masamba ena, ndipo ndalama yakeyo ingagwire ntchito ina. Ngati ndi anankafumbwe m'thumba la mbewu, lichotseni pa shelefu tsiku lomwelo, lembani nambala ya loti, dziwitsani kampani imene inakupatsani, ndipo werengani njere 100 muzifese mumchenga wonyowa kuti muone zimene zimere musanagulitsenso paketi ina ya loti imeneyo.